Ku Mödlareuth, mudzi umene khoma linaudula pakati

Lolemba, ku Töpen

Sitima yochokera ku Nürnberg yanditula ku Hof dzuwa litapendeka, kunja kukuwaza kamvula kozizira ka mwezi wa Okutobala. Hof ndi tauni ya ku Germany, ili kunsonga kwenikweni kwa chigawo cha Bavaria, kumpoto chakum'mawa, ndipo kwa zaka 40 ukangopitirira pang'ono unkafika m'dziko lina, East Germany. Pa siteshoni yomweyi ndi pamene m'mawa wa pa 1 Okutobala 1989 panafikira sitima zodzaza ndi anthu a ku East Germany amene anali atathawira ku ofesi ya kazembe wa West Germany ku Prague, n'kumagona m'matenti pabwalo la ofesiyo mpaka boma lawo litawalola kupita. Anthu a ku Hof anawachingamira ndi zovala komanso chakudya chotentha.

M'tauni ndagula soseji kwa bambo wina woima pakona ya msewu, mmodzi wa amene kuno amawatcha Wärschtlamo. Ali ndi mphika wamkuwa wokhala ndi makala kunsi kwake, pambali dengu la mabanzi. Akatsegula chivundikiro nthunzi imatuluka, iwo n'kutola soseji ziwiri, kuzipana m'banzi, kupaka masitadi, basi wadya. Ndi ntchito yakalekale mu Hof ndipo eni tauni amainyadira.

Koma kumene ndikupita ndi ku Mödlareuth, kamudzi ka anthu pafupifupi 50, makilomita osafika 20 kuchokera ku Hof. Ambirife tinaphunzira kusukulu za khoma la Berlin. Za kamudzi aka, kamene kanali ndi khoma lakelake mpaka asilikali a ku America n'kukapatsa dzina loti Little Berlin, mphunzitsi sanatiuzepo. Ndapeza chipinda chogona m'mudzi woyandikana nawo wa Töpen. Mayi a nyumba andibwereka njinga yakapalasa, ati mabasi a kumeneko ndi osowa, ndipo andionetsa pamapu kamsewu kodutsa m'minda.

Lachiwiri

Msewu wochokera ku Töpen ndi wokwera n'kutsika, mbali zonse minda yokololedwa kale ndi timankhalango ta mitengo yobiriwira chaka chonse. Ukafika pamwamba pa chitunda chomaliza mudzi wonse umaoneka nthawi imodzi m'chigwa: nyumba zowerengeka, nkhokwe zamatabwa, dziwe, kenako chidutswa cha khoma loyera ndi nsanja ya alonda.

Ndayamba ndi kamtsinje, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Dzina lake ndi Tannbach. Ndi kakhwawa koti mwana wa sitandade 5 akhoza kukadumpha osanyowa phazi, madzi ake ofika m'kakolo, udzu utakakuta mbali zonse. Ndaima pakamlatho, phazi lina ku Bavaria, lina ku chigawo choyandikana nacho cha Thuringia. Kamtsinje aka kakhala kali malire kwa zaka mazanamazana. Mu 1810 anazika miyala ya malire m'mbali mwake, ndipo ina ilipobe: mbali imodzi yolembedwa KB, kutanthauza ufumu wa Bavaria, mbali inayo FR, kutanthauza kaufumu kakang'ono ka Reuss, kamene dera lake lero lili mu Thuringia. Ndagwada n'kupalasa ndere ndi chala kuti zilembozo zioneke bwino.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti kwa nthawi yonseyo malire amenewa sankavuta munthu. Msonkho unkapita kwa mafumu awiri osiyana, koma mudzi unali umodzi. Sukulu ndi malo omwera mowa zinali tsidya la Thuringia. Tchalitchi chinali tsidya la Bavaria, ku Töpen kumene ndikugonaku. Amuna a mbali zonse ankaimba kwaya imodzi. Anthu ankakwatirana, minda ya ena inali kutsidya, ndipo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu anyamata a mbali zonse anapita limodzi.

Zinthu zinatembenuka mu 1945. Mayiko amene anagonjetsa Germany anali atagwirizana kale kuti agawane dzikolo potsata malire akale a zigawo. Bavaria anagwera kwa America, Thuringia kwa Soviet Union. Palibe amene anakhala pansi n'kuganiza za Mödlareuth. Mzere unangotsata mwala wa 1810, ndipo mwalawo unali pakati pa mudzi. Asilikali a ku America, amene anafika koyamba, anachoka ku Thuringia mu Julayi chaka chomwecho, a Soviet n'kulowa. Mu 1949 panabadwa mayiko awiri, West Germany (kumene kunali Bavaria) ndi East Germany (kumene kunali Thuringia), ndipo Tannbach anasanduka malire a mayiko.

Ngakhale pamenepo anthu ankaolokabe ndi ziphaso. Chitseko chinatsekedwa mu 1952. Pa 26 Meyi chaka chimenecho boma la East Germany linalamula kuti m'malire monse mukhale mzere wa mamita 10 wolimidwa n'kusalazidwa, wosapondapo munthu, kumbuyo kwake dera la mamita 500 loyang'aniridwa usana ndi usiku, kenako dera la makilomita 5 limene munthu sankalowamo popanda chilolezo. Theka la Mödlareuth linapezeka m'kati mwa mamita 500 aja. M'mudzi anaimika mpanda wamatabwa wotalika kuposa munthu.

Mwezi wotsatira, Juni, apolisi anayamba kusamutsa mabanja amene boma linkawakayikira m'malire monsemo. Ankafika m'mamawa ndi lole, n'kuwapatsa maola ochepa oti alongedze, ulendo wa kumene sakukudziwa. Anthu zikwizikwi anachotsedwa pamalo a makolo awo mwa njira imeneyi. Kuno ku Mödlareuth banja la pachigayo chakumtunda, chimene chinali m'mphepete mwenimweni mwa kamtsinje, linazindikira kuti nalo lili pa mndandanda. Anadumphira tsidya la Bavaria kuchokera m'nyumba mwawo momwemo, kusiya chigayo, ziweto ndi katundu. Pambuyo pake chigayocho chinagwetsedwa. Lero pali chikwangwani ndi udzu. Ndakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndimaganizira, mpaka zala zinachita dzanzi ndi kuzizira.

Lachitatu

Tsiku lonse ndathera ku myuziyamu, Deutsch-Deutsches Museum Mödlareuth, imene inatsegulidwa mu 1994. Mbali ina ili m'nyumba, muli zithunzi, filimu ndi magalimoto a alonda a m'malire. Mbali ina ili panja, pomwe panali malire enieniwo. Pamalo oimika magalimoto pali kasinja wa asilikali a Soviet, ndipo ana a sukulu amene anabwera pa basi anathamangira komweko kukajambulitsa.

Khoma silinabwere tsiku limodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna aliyense wowerenga izi aigwire. Mpanda wamatabwa wa 1952 unalowedwa m'malo ndi waya waminga mu 1958. Khoma la Berlin litamangidwa mu Ogasiti 1961, kuno anawonjezeranso mipanda. Khoma la konkire linadza mu 1966: mamita 700 m'litali, kupitirira mamita atatu msinkhu, lopakidwa loyera, usiku magetsi akuliwalitsa ngati masana. Kuchokera pa chiphaso cha m'ma 1940 kufika pa konkire panadutsa zaka pafupifupi 20. Chilichonse chinkabwera anthu atazolowera kale chinzake, ndipo mwana wobadwa pa nthawi ya matabwa anafika pa unyamata asanapondepo tsidya limene agogo ake ankapempherako.

Chidutswa chimene chatsala ndi cha mamita pafupifupi 100. Ndachigwira. Konkire yake ndi yokhakhala, yozizira, penti ikusupuka mwa apo ndi apo. Ukaima kunsi kwake tsidya la kum'mawa suona denga la nyumba iliyonse ya tsidya linalo, umangoona mitambo.

Pabwalo lomwelo aimikanso mitundu ya mipanda imene inkagwiritsidwa ntchito m'malire, ina yochokera m'malo ena. Pali wina wachitsulo choboolaboola. Ndayesa kulowetsa chala m'kabowo kake koma sikalola, ndipo m'mbali mwa kabowoko ndi mwakuthwa ngati lumo. Anaupanga dala kuti munthu asapeze pogwira kapena popondera. Pali waya wautali umene ankamangirirapo agalu kuti azithamanga uku ndi uku. Pali mzere wa dothi losalazidwa ndi reki, limene alonda ankaliyendera kufufuza mapazi. M'madera ena a malirewa munali mabomba okwirira ndi timfuti todziombera tokha tomangirira kumpanda, timene anadzatichotsa m'ma 1980. Ndiye pali ngalande yotchinga magalimoto. Wotiyendetsa anatiimika pamenepo n'kutiuza kuti tiyang'ane mbali imene aika konkire yoimirira. Galimoto yochokera kumadzulo ikanatha kudutsa movutikira, koma yochokera kum'mawa ikanagunda konkireyo n'kuima. Boma linkauza anthu ake kuti zonsezi n'zowateteza kwa adani akunja, pamene ngalande yokha ikuonetsa poyera amene ankatchingidwa.

Pa zaka zonse 23 zimene khoma linaima, munthu mmodzi yekha ndi amene anakwanitsa kulidumpha m'mudzi muno. Munali mu 1973. Anali dalaivala amene ntchito yake inkamulola kulowa m'dera loletsedwa. Anayendetsa galimoto mpaka kunsi kwa khoma, pafupi ndi chigayo chakumunsi, anaika makwerero pa denga la galimotoyo, n'kukwera, n'kugwera ku Bavaria. Zitatero chigayo chakumunsicho nachonso anachigwetsa, kuti alonda aziona bwino.

Koma zimene zandisowetsa mtendere si waya kapena agalu. Anthu a tsidya la kum'mawa ankaletsedwa kupereka moni kwa a kutsidya. Ngakhale kukweza dzanja kokha kunali mlandu. Mudzi uli m'chigwa, choncho munthu akakwera chitunda amaona bwinobwino pakhomo pa mnzake wa tsidya lina. Ankaonana. Mlamu wako akutema nkhuni, iwe ukumuona, iye akukuona, n'kutembenuza nkhope ngati sakukudziwa, chifukwa mlonda ali pa nsanja ndipo pakati pa anansi sudziwa amene amakanena ku polisi yachinsinsi ya Stasi. Amene walakwa akhoza kusamutsidwa monga anachitira ena mu 1952 ndi 1961. Kuno amasimba za abale awiri a mimba imodzi, wina nyumba yake tsidya lino, wina tsidya linalo, mtunda woti n'kuitanana pakamwa. Malamulo a maulendo atafewerapo m'ma 1970, wa kumadzulo ankaloledwa kulowa mu East Germany, koma osati m'dera loletsedwa la m'malire. Ndiye kuti aonane ankayenda ulendo wa maola angapo, kuzungulira pa chipata chovomerezeka, n'kukakumana m'tauni ina.

Ndakhala ndikuganiza za maliro. Ife timati maliro n'kulirana, ndipo munthu amene sabwera pa maliro a mnansi timamuyesa wopanda umunthu. Pano boma linachititsa kuti anthu abwinobwino akhale otero mosafuna, kwa zaka 37. Sindikuona chifukwa chilichonse cha ndale, cha mbali iliyonse, chimene chingalungamitse zimenezo.

Tsidya la Bavaria linasanduka malo oonerera. Mabasi ankabwera ndi alendo kudzasuzumira kum'mawa, andale nawonso ankabwera. Mu 1983 kunafika George Bush wamkulu, pa nthawiyo ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Zithunzi za ulendowo zili m'myuziyamu, anthu atavala zikhoti, pansi pali chipale. Ndikaziyang'ana ndimaganiza za a tsidya linalo, amene ankakhala ngati m'khola, akunja akuwaloza ndi makamera, iwo osaloledwa ngakhale kubweza maso.

Lachinayi

Mvula kuyambira m'mawa, ndiye njinga ndinaisiya mpaka masana. Ndalowa m'tchalitchi cha St. Martin kuno ku Töpen, cha mpingo wa Lutheran, chomwe anthu a ku Mödlareuth yense ankabatizirako ana ndi kumangirako maukwati 1952 isanafike. N'chaching'ono, mabenchi amatabwa, m'mwamba muli khonde lokhalamo anthu.

Masana kutachita bata ndinapalasa kukadya ku Zum Grenzgänger, malo odyera a tsidya la Thuringia. Ndinaitanitsa nyama yowotcha ndi kabichi wofiira ndi Klöße. Klöße ndi mibulu ya mbatatesi yaikulu ngati chibakera. Mbatatesi yambiri amaipala yaiwisi n'kuifinya madzi onse, ina amaiphika n'kuipota, kenako amasakaniza, pakati n'kuikapo tizidutswa ta buledi wokazinga. Sadula ndi mpeni, amang'amba ndi foloko kuti imwe msuzi. Iwiri yokha inandikwana mpaka usiku.

Panja pa malo odyerawo ndinayamba kuwerenga manambala a magalimoto. Ena ayamba ndi HO, a boma la Hof. Ena SOK, a boma la Saale-Orla. Khoma linapita koma mudzi ukadali m'zigawo ziwiri. Tsidya la Bavaria lili pansi pa khonsolo ya Töpen, la Thuringia pansi pa ya Gefell. Mameya awiri, manambala a positi awiri, manambala oyambira a foni awiri. Ana a sukulu amatsekera masiku osiyana. Pa 31 Okutobala a ku Thuringia amakhala pa holide yokumbukira Martin Luther ndi kukonzanso kwa mpingo pamene a ku Bavaria ali pa ntchito, ndipo mawa lake, pa 1 Novembala, zimatembenuka. Koma zikondwerero za mudzi amachitira pamodzi.

Izi zandikumbutsa pa Lizulu, pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene msewu womwewo ndiwo malire, wogulitsa kabichi n'kumaoloka kuchoka ku Mozambique kudza ku Malawi kangapo pa tsiku, chinenero chimodzi, maukwati amodzi. Mödlareuth anali wotero asanafike 1945, ndipo lero wabwereranso pamenepo. Malire paokha sanaphe mudziwu. Anaupha ndi anthu amene tsiku lina anaganiza zoikapo mfuti.

Mayi a nyumba, nditawafotokozera za Lizulu madzulo ano, anandifunsa ngati pamenepo pali asilikali. Ndinawauza kuti apolisi amapezeka, koma tomato amaoloka tsiku lililonse. Anaseka, n'kundithirira tiyi wina.

Lachisanu

Kwacha bwino, dzuwa lowala koma lopanda mphamvu. Lero ndayenda wapansi pa kanjira ka alonda kotchedwa Kolonnenweg. Ndi mizere iwiri ya masilabu a konkire okhala ndi mabowo, oyalidwa motsatana kuti magalimoto a asilikali aziyenda m'malire nyengo iliyonse. Pa njinga ndi chilango, matayala amakodwa m'mabowomo, ndipo ngakhale wapansi uyenera kuyang'ana popondapo. M'mabowo muja mwamera udzu ndi timaluwa. Kanjirako kamakwera zitunda molunjika, kosakhota, chifukwa sikanapangidwire kuti munthu asangalale nako.

Malire a pakati pa mayiko awiriwa anali otalika makilomita pafupifupi 1,400, kuchokera kunyanja ya Baltic mpaka kufupi ndi kuno, pamene ankakumana ndi malire a Czechoslovakia. Popeza kwa zaka makumi angapo munalibe khasu la mlimi, feteleza kapena nyumba, mbalame, achule, tizilombo ndi zomera zimene zinkasowa m'minda yozungulira zinapeza pobisala m'kamzere kameneka. Okonda zachilengedwe a ku Bavaria anali ataona kale zimenezi poyang'ana ndi mabainokyula kuchokera tsidya lawo. Pa 9 Disembala 1989 anakumana ku Hof ndi anzawo a ku East Germany, n'kugwirizana zopempha kuti mzere wonsewo usungidwe. Ndiwo umene lero umatchedwa Grünes Band, lamba wobiriwira, ndipo mu 2018 chigawo cha Thuringia chinaika mbali yake pansi pa chitetezo cha lamulo. Ndayenda mpaka pa mwala wa Drei-Freistaaten-Stein, pamene Bavaria, Thuringia ndi Saxony zimakumana. Panalibe munthu, kupatula bambo wina wodutsa ndi galu amene anandipatsa moni.

Tsiku lomwelo la msonkhano wa ku Hof, pa 9 Disembala 1989, ndi limenenso pa khoma la Mödlareuth panatsegulidwa podutsira anthu. Ku Berlin zipata zinali zitatseguka kale pa 9 Novembala, dziko lonse lapansi likuonera pa TV, koma kuno khoma linakhalabe chiimire kwa mwezi wathunthu. Wofuna kuona m'bale wake ankayenerabe kuzungulira pa chipata cha kutali. Anthu a mbali zonse ziwiri anachita kukakamiza, mpaka akuluakulu analola kuti pagumulidwe kampata ka oyenda pansi. Pa zithunzi za tsikulo pali chipwirikiti cha anthu ochuluka kuposa eni mudzi, oimba malipenga, okalamba akukumbatirana. Pa 17 Juni 1990 katapila anagwetsa mbali yaikulu ya khomalo, ndipo pa 3 Okutobala chaka chomwecho Germany anakhalanso dziko limodzi.

Ndikumvetsa munthu aliyense wa m'mudzi muno amene pa tsikulo akanakonda kuti lonse lipite, osatsala ndi kamwala komwe. Amene wakhala zaka 23 akutsegula zenera n'kuona konkire sangafune kuionanso. Komabe ndikuyamika amene anaumirira kuti mamita 100 aja atsale pomwe anali, osati kuwanyamula kukawaika mumzinda. Ku Berlin khoma limazimirira pakati pa nyumba zitalizitali ndi masitolo. Kuno limaima pafupi ndi khola, dziwe ndi chingwe choyanikapo zovala, ndipo kukula kwa chimene chinachitika kumaoneka msanga. Eni mudzi amalipira mtengo wake: anthu osakwana basi imodzi amalandira alendo zikwi makumi angapo pa chaka, ena mpaka kusuzumira m'mipanda ya nyumba zawo. Amene mudzabwere kuno, kumbukirani kuti kupyola mpanda wa myuziyamu ndi pakhomo pa anthu.

Madzulo ndabweza njinga ndi kulipira chipinda. Mawa m'mawa mayi a nyumba akuti andiperekeza pa galimoto mpaka ku Hirschberg, m'mphepete mwa mtsinje wa Saale, kumene kunali fakitale yaikulu ya zikopa ndipo nakonso khoma linatsekereza anthu kuti asafike kumadzi. Kuchokera kumeneko ndikufuna ndikaone mlatho wa msewu wa A9 pafupi ndi Rudolphstein, umene unaphulitsidwa mu 1945 n'kudzatsegulidwanso mu 1966, chaka chomwe Mödlareuth ankamangiridwa khoma, kenako ndikakwere sitima ya masana ku Hof.